Mchenga Umene Sunali M'bokosi

Chivomezi cha Lachiwiri, pa 9 Malichi, chinali chaching'ono. M'tauni chinagwetsa makapu m'mashelefu n'kuimitsa anthu pakati pa msewu, basi. Koma kumtunda kwa mtsinje, khoma la dothi la damu latsopano linatsetsereka chakumunsi n'kukwirira kanyumba ka mlonda wa mageti a madzi. Bamboyo anali m'katimo akumeta ndevu. Anamufukula tsiku lotsatira.

Madzi sanasefukire, chifukwa damulo linali lisanadzaze ndi theka lomwe. Anafa munthu mmodzi, ndipo akuluakulu a kupolisi ankafuna dzina limodzi. Dzinalo linali litapezeka kale: injiniya wamkazi amene anasainira kuti khomalo likhoza kupirira chivomezi choposa chimenecho kutalitali.

Sajenti, mayi wa kunthambi yofufuza milandu, anapatsidwa nkhaniyi Lolemba, pa 15 Malichi. Anauzidwa kuti ntchito yake ndi yochepa: amve mawu a injiniyayo, kenako amutsegulire mlandu wophetsa munthu chifukwa chosasamala ntchito. Iye anayamba wapita kudamu.

Khomalo linali litang'ambika pamwamba, ndipo mbali yake ya kumunsi inali itayenda yonse ngati inaponda sopo. Koma chimene chinaimitsa Sajenti chinali patsinde pake. Panali timilu ta mchenga wotuwa, wosalala ngati phulusa, kamulu kalikonse kali ndi kabowo pamwamba, ngati kuti nthaka inasanza. Pozungulira ponse panali dothi lofiira lokhalokha. Anatapa mchengawo m'kathumba ka pulasitiki n'kuuika m'chikwama.

*

Kampani imene inakonza mapulani a damulo inali ya banja limodzi. Mwini wake ankatchedwa Mdala. Mwana wake wamwamuna, Bwana Wamng'ono, ankayang'anira labu yoyezera dothi. Mkazi wa Bwana Wamng'onoyo ndiye anali Injiniya, ndipo ofesi yake inali kachipinda kam'mwamba, pamwamba pa shopu ya matayala. Munali masikirini awiri, fani yolira ngati ikudandaula, ndi kapu ya tiyi imene inazizira osamwedwa.

Injiniya ankayankhula motsitsa mawu, mwadongosolo, ngati munthu amene wafotokoza chinthu chimodzimodzi kwa anthu ambiri ndipo palibe amene anamva. Ananena kuti asanamange, woboola amaboola zitsime zoyesera n'kutulutsa dothi m'paipi, zidutswa zozungulira ngati makandulo onenepa. Zidutswazo amazindandalika m'mabokosi motsatira kuya kwake. A kulabu amazifinya m'makina kuti adziwe mphamvu yake. Iye amangolandira manambala. Akajambula khomalo pakompyuta, pulogalamu imalidula m'timagawo tambirimbiri, kagawo kalikonse n'kupatsidwa mphamvu ya dothi lake. Kenako amaligwedeza ndi chivomezi chenicheni chimene makina anajambula kwina.

Anadina batani. Khoma la pasikirini linanjenjemera, linasuntha pang'ono, n'kuima chilili.

"Pulogalamuyi siona dothi, mayi," anatero. "Imakhulupirira zimene mwaiuza."

Sajenti anatulutsa kathumba kaja n'kukaika patebulo. Injiniya anakayang'ana nthawi yaitali asanakakhudze. Kenako anachotsa kapu pasosa, anathira mchengawo pasosapo, anaunyowetsa ndi madzi a m'botolo, n'kuyamba kugogoda tebulo ndi nkhonya pang'onopang'ono. Mchengawo unanyezimira. Madzi anakwera pamwamba, ndipo supuni imene anaigoneka pamenepo inamira.

Anafotokoza kuti mchenga wotere ukakhala pansi pa madzi, chivomezi chaching'ono chimakwanira kuusandutsa matope oyenda. Chilichonse chimene chakhala pamwamba pake chimayenda nawo.

"M'zimene ndinapatsidwa munalibe mchenga," anatero. "Ngakhale wodzaza supuni."

Sajenti anamupempha kuti auike mchengawo m'pulogalamumo. Injiniya anasankha pamene kale pankadutsa mtsinje, pachitsime chachisanu. Ananena kuti pamenepo ndi pamene labu inapeza dongo lolimba kuposa lina lililonse, ndipo nthawi imeneyo zinamusangalatsa. Kukanakhala kuti panapezeka mchenga, akanayenera kukumba maziko onse n'kutaya chilimwe chathunthu, pamene eni damu anali ataopseza kale kuti ntchito ikachedwanso aipereka kwa ena.

Anajambula kamzere kopyapyala ka mchenga pansi pa khomalo n'kudinanso batani. Kompyuta inatenga nthawi. Kenako kamzereko kanafiira, kufiirako kunafalikira, ndipo mbali ya kumunsi ya khomalo inatsetsereka ndendende ngati mmene Sajenti anaionera m'mawa uja.

"Mwana wanga, tazima kaye chinthucho."

Mdala anali ataima pakhomo, dzanja lina pandodo, lina lili pamsana. Anali wa imvi zosamalidwa bwino ndi mawu a munthu wozolowera kuyankhula pamaliro. Anapereka moni kwa Sajenti ndi manja awiri. Ananena kuti iye anamanga madamu makompyuta asanabwere, ndi maso ndi chidendene chokha, ndipo onse akadalipo. Mpongozi wakeyo anali mwana wabwino, wanzeru, koma ngakhale nyani wodziwa mtengo tsiku lina amaphonya nthambi. Analakwitsa polowetsa manambala, basi. Banja linali litapeza kale loya. Lachitatu m'mawa abwera naye kupolisi kudzavomera, ndipo khoti limamvera chisoni munthu wovomera.

"Sitimutaya," anatero Mdala, akumwetulira. "Ameneyu ndi magazi athu tsopano."

Sajenti anayang'ana Injiniya. Mayiyo anali atazimitsa sikirini, maso ali pagalasi lakudalo.

"Mabokosi a dothi aja mumasunga kuti, bambo?" anafunsa Sajenti.

*

Shedi inali kuseri kwa bwalo la kampani, pakati pa mapaipi a dzimbiri ndi lole yopanda matayala. Amene anatsegula anali woboola wamkulu, bambo wamfupi wa mapewa otambalala amene anzake ankamutchula kuti Mfuko. Kiyi anakabwereka kulabu.

"Mwabwera kudzamanga dothi, a Sajenti?" anatero akuseka. "Unyolo wake mwatenga waukulu bwanji?"

Mabokosi anali amatabwa, aatali, osanjikizana mpaka kudenga, lililonse lolembedwa nambala ya chitsime ndi kuya kwake. Mfuko ankawasisita podutsa ngati ng'ombe zake. Anadzitama kuti chiyambireni ntchito sanabweretsepo bokosi la mpata. Atafika pamzere wa chitsime chachisanu, anaima. Kuseka kunatha.

Bokosi la kuyambira mamita khumi ndi awiri mpaka khumi ndi asanu ndi imodzi panalibe.

Mfuko analumbira kuti Loweruka linalipo. Denga linkadontha, choncho anasuntha mzere wonsewo yekha, ndipo bokosi lomwelo linamupana chala. Anaonetsa chikhadabo chakuda. Loko sanathyoledwe. Makiyi anali awiri okha, a Mdala ndi a Bwana Wamng'ono, ndipo iye anabweza imene anabwereka Loweruka lomwelo. Sajenti atafunsa za Mdala, Mfuko anapukusa mutu. Lamlungu Mdala anali kumudzi kwa mlonda uja, kumaliro, ndipo anayankhula pamaso pa khamu lonse. Komanso ndi msana umene uja, sanganyamule ngakhale chivindikiro.

Sajenti anatsegula bokosi loyandikana nalo, la chitsime chachinayi. Zidutswa zambiri zinali zitauma n'kung'aluka. Chimodzi chokha chinali chosalala, chofiira moderako, chopanda mng'alu, ndipo kumapeto kwake kunali kadzenje kozungulira. Anachinyamula n'kuchithyola pabondo. M'kati munali tinjira ting'onoting'ono, ndipo m'kanjira kena munali mutu wouma wa chiswe.

"Chiswe chimafika mamita khumi ndi atatu pansi pa mtsinje?"

Mfuko anasekanso, koma mwamanyazi, ngati munthu amene amupeza akusoka sokosi. Sanaone chobisa. Ananena kuti mchenga wonyowa sugwirika. Ukakoka paipi, umakhuthuka wonse n'kubwerera pansi, ndipo m'bokosi mumatsala mpata. Kale Mdala anachotsa ntchito woboola wina chifukwa chotsegula bokosi la mipata pamaso pa kasitomala. Kuyambira pamenepo, mpata ukapezeka amapita pachulu. Dothi la pachulu limaumbika bwino ndipo likauma limalimba ngati njerwa. Amalikanya, amalilowetsa m'paipi, n'kulitulutsa lozungulira ngati linzake.

"Koma sitinama, a Sajenti. Timadinda." Analoza kadzenje kaja, n'kulowetsamo chala chake chachikulu. Chinakwana bwinobwino. "Wa kulabu akaona chala, amadziwa kuti apa panali mchenga. Ichi n'chokongoletsa bokosi, asachiyeze."

Sajenti anafunsa kuti amadziwa zimenezi ndani. Mfuko anati aliyense amene anakulira pabwalopo.

"Nanga Injiniya?"

"Amayi aja ndi a kuyunivesite. Kushedi kuno anafikako kamodzi, kudzatenga mipando ya paukwati wawo."

"Bwana Wamng'ono?"

"Ameneyo ndinamuphunzitsa ndine kudinda, asanayambe n'sukulu yomwe."

Sajenti anakulunga zidutswa ziwirizo m'mpango. Anafunsa kuti m'bokosi losowalo munali zala zingati. Mfuko anayankha kuti kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chifukwa pamenepo paipi inkangotuluka yopanda kanthu.

"Labu inapeza dongo lolimba kwambiri pamenepo," anatero Sajenti. "Ndiye inayeza chiyani?"

Mfuko anakhala pansi pabokosi, n'kuvula chipewa.

*

Lachiwiri, pa 16 Malichi, Sajenti anapita kulabu. Chinali chipinda chachitali, choyera, chonunkha dothi lowotcha. Uvuni inkalira pakona, masefa amkuwa anapachikidwa pakhoma motsatana kukula kwake, ndipo pansi panalibe ngakhale kambewu ka mchenga. Bwana Wamng'ono anali wamtali, wa magalasi, wa mawu ofewa. Sanasiye ntchito. Ankatulutsa zidutswa za dothi la ntchito ina m'bokosi n'kumazindandalika patebulo.

Mayankho ake anali aafupi. Iye amayeza zimene wapatsidwa. Za zala sanamvepo, mwina ndi nthabwala za oboola. Kiyi imakhala m'thumba mwake. Za bokosi, afunsidwe Mfuko, amene amaiwala ngakhale pamene waika nsapato. Lamlungu anali pakhomo tsiku lonse ndi mkazi wake ndi mwana wawo, ndipo Sajenti akhoza kufunsa.

Sajenti anali atafunsa kale pafoni m'mawa umenewo. Injiniya anayankha kuti mwamuna wake anali pakhomo, n'kudula foni.

Choncho sanafunsenso. Ankangoyang'ana manja a bamboyo. Chidutswa chilichonse chimene ankatola, ankachitembenuza n'kuyendetsa chala chachikulu kumapeto kwake, maso ali kwa Sajenti. Anatero ndi choyamba, chachiwiri, chachitatu. Chachinayi anachikankhira pambali osachiyang'ana n'komwe.

"Chimenecho chalakwa chiyani?"

"Chang'aluka."

Sajenti anachitola n'kuchitembenuza poyera. Panalibe mng'alu. Kumapeto kwake kunali kadzenje kozungulira.

Bwana Wamng'ono anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Atawavalanso, mawu ake anali ofewa ngati poyamba. Ananena kuti kudziwa mwambo wa oboola si mlandu. Popanda bokosi, palibe amene angasonyeze chidutswa chimene iye anayeza, ndipo mawu a Mfuko okha sangaime m'khoti, popeza ndi munthu amene akuvomera yekha kuti amanamiza mabokosi.

"Manambala amene ndinapereka anali olondola," anatero. "Amene anawalowetsa molakwika si ine."

Sajenti anaona kuti bamboyo sanathe kunena kuti mkazi wanga. Koma anaonanso kuti za khotizo ankanena zoona. Atabwerera kuofesi, mkulu wake anamvetsera theka la nkhaniyo n'kumuuza kuti chiswe sichingaitanidwe ngati mboni. Munthu akubwera yekha kudzavomera. Akasaina, fayilo itsekedwe.

*

Lachitatu m'mawa anabwera anayi: Mdala ndi ndodo yake, Bwana Wamng'ono, loya wa suti yotuwa, ndi Injiniya pakati pawo, atavala diresi yakuda ngati wopita kumaliro. Loya anali atalemba kale mawu ovomera. Chotsala chinali siginecha.

Sajenti anati lamulo limafuna kuti woganiziridwa asechedwe kaye, ndipo mayi amasechedwa ndi mayi mnzake, abambo ali panja. Loya anayang'ana wotchi n'kuvomera. Anthu atatuwo anatsala pabenchi m'khonde.

Kachipindako kanali ndi tebulo, mipando iwiri, ndi kabati ya chitsulo. Injiniya anakweza manja kuti asechedwe. Sajenti anamuuza kuti akhale pansi, n'kufunyulula mpango uja patebulo.

Injiniya anayang'ana zidutswazo ngati mmisiri. Ananena kuti ndi dongo labwino, koma tinjirato sakutimvetsa. Atafunsidwa za kadzenjeko, anati mwina chinagunda pakona ya bokosi. Sajenti anali akuyang'ana nkhope yake, ndipo anakhutira kuti mayiyo sankadziwa kanthu. Anamuuza zonse mwachidule: za mchenga wokhuthuka, za chulu, za chala, za bokosi losowa, ndi zimene anaona kulabu dzulo lake.

Injiniya analowetsa chala chake m'kadzenjemo. Chinali chaching'ono, chinasambira.

"Ndinamufunsa," anatero. "Tili patebulo tikudya. Ndinati, dongo lolimba chonchi pansi pa mtsinje wakale, zimatheka bwanji? Anati ndili ndi mwayi."

Sajenti sanamunyengerere. Anamuuza kuti akasaina, mlandu wa imfa ya mlonda uja ukhala wake yekha. Chilolezo cha uinjiniya chipita, ndipo za ndende adzagamula ndi woweruza, osati apongozi ake. Akakana kusaina, mlandu udzatsegulidwabe, chifukwa siginecha ya pamapulani ndi yake. Chimene chingamuchotse m'menemo ndi bokosi lija basi.

"Ndikufunsaninso, achemwali. Lamlungu bambo a kunyumba anali kuti?"

Kuseri kwa chitseko kunkamveka mawu a Mdala akuuza loya nkhani ina ya damu lakale. Loya anaseka pang'ono mwaulemu. Injiniya anamvetsera kusekako mpaka kunatha.

"Anatuluka titatha kudya masana," anatero. "Anatenga galimoto ya kampani. Anati akukaona amisiri kunyumba imene tikumanga. Amisiri sagwira ntchito Lamlungu. Atabwera, anali ndi kamtengo m'chikhatho. Ndinamuzula ndine ndi singano."

Sajenti anafunsa ngati akuganiza kuti bokosilo analitaya mumtsinje kapena kuliwotcha. Injiniya anapukusa mutu. Ananena kuti mwamuna wake sataya kanthu, ngakhale misomali yopindika amaisunga m'chitini. Kunyumba yomangidwayo kuli kachipinda kosungiramo simenti, ndipo amisiri alibe kiyi yake.

Anatulutsa makiyi m'chikwama. Chikhadabo chinalephera kutsegula mphete ya makiyiwo kawiri. Kachitatu kiyi yaing'ono yamkuwa inatuluka. Anaiika patebulo pafupi ndi dothi lija n'kuchotsapo dzanja msanga, ngati yatentha.

Panamveka kugogoda kofewa.

"Mayi a mwana, mwatha?" anali mawu a Bwana Wamng'ono.

Injiniya sanatembenuke. Anafunsa monong'ona ngati chipindacho chili ndi khomo lina. Mwana wake amaweruka masana, ndipo ankafuna kukafika pageti ya sukulu apongozi ake asanatumeko munthu.

Kuseri kwa kabati kunali chitseko chotulukira kubwalo la magalimoto. Sajenti anakankha kabatiyo ndi phewa, anakoka chitsulo chotsekera, n'kumuuza kuti adutse pageti ya kumbuyo, ndipo foni isazime. Anaima pamenepo mpaka kulira kwa nsapato za mayiyo kunazilala. Kenako anaika kiyi yamkuwa ija m'thumba la malaya, anaphimba dothi ndi mpango, n'kutsegula chitseko cha kukhonde.

Bwana Wamng'ono anasuzumira pamwamba pa phewa lake, akufunafuna mkazi wake m'chipinda chopanda munthu.

"Atha," anatero Sajenti. "Tsopano lowani inu."